Dzanja Lomangidwa Lija Linasankha Volovolo

Tsiku limene Tiyanjane anachotsedwa pa maphunziro a ulonda, pepala limene ankawombera linabwerako lili mbee, lopanda ngakhale kabowo kamodzi.

Inali kampani ina ya alonda mu Chipata, ndipo mayeso omaliza anali owombera chandamale. Anzake onse analiboola pepala lawo, wina pakati, wina m'mphepete. Zipolopolo za Tiyanjane zinangokafukula fumbi pachulu cha kumbuyo.

Mphunzitsi wawo analikweza pepalalo m'mwamba kuti aliyense alione.

"Ili musalitaye, tiligwiritsanso ntchito mawa," anatero. "Mlongo, iwe ngakhale phiri la Kanjala ungaliphonye."

Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Tiyanjane anavula nsapato za kampani, nabweza yunifolomu, n'kuyenda wapansi kubwerera ku Kapata kumene ankachita lendi kachipinda. Analira njira yonse, osasamala za omuona.

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi mtima uli pansi, khalani bwino mumve. Mtsikanayu sanayambe tsiku limenelo kulephera. Giredi naini inamukanika chifukwa ankalemba pang'onopang'ono, zilembo zake ngati popalasa nkhuku. Anayesa zosoka, sizasi inkamudyera nsalu za eni ake. Mbale ankaswa, singano inkamubaya. Kumudzi kwawo, njira ya ku Chadiza, anamupatsa dzina loti Chiphonya, ndipo iye anafika polivomera akamuitana nalo.

Koma panali chinthu chimene aliyense anali ataiwala, ngakhale mwini wake. Tiyanjane anabadwa wamanzere.

Bambo ake, a Mateyu, anali kalipentala komanso katekisiti wa tchalitchi cha m'mudzimo. Sanali munthu wankhanza ayi. Ankamukonda mwana wawo, ndipo n'chikondi chomwecho chimene chinawachititsa mantha. Mwana wa katekisiti angachite bwanji chizindikiro cha mtanda ndi dzanja lamanzere? Adzapereka bwanji madzi kwa apongozi ake? Choncho mwanayo akamadya kapena kulemba, ankamumanga dzanjalo kumsana ndi luzi. Atakula luzi linachoka, koma dzanjalo linazolowera kubisala lokha.

Ine zimenezi zimandipsetsa mtima mpaka lero. Timamanga mwana dzanja limene Mulungu anamupatsa, kenako n'kumamuseka kuti ndi wopanda manja!

Ntchito ya ulonda itakanika, Tiyanjane anayamba kukazinga vitumbuwa. Pamsika wa Kapata okazinga anali ambiri, ndiye anthu anamuuza kuti pafamu ina kunja kwa tauni pamasonkhana anthu Loweruka lililonse, ndipo palibe wogulitsa chakudya. Anakwera njinga ndi beseni lake. Atafika n'kumva kulira kwa mfuti, anatsala pang'ono kubwerera. Inali kalabu ya anthu owombera chandamale ngati masewera. Pa malo onse a m'dziko muno, njala inamufikitsa pamalo pomwe pankamukumbutsa manyazi ake.

Anakhala pageti, nafulatira kumene kunkalira mfutiko, n'kumagulitsa.

Loweruka lina anasiya beseni pansi pa mtengo kukapereka vitumbuwa kwa munthu amene anali m'galimoto. Pocheuka anaona mbuzi ya pafamupo italowetsa mutu wonse m'beseni. Panali patali ndithu. Sanaganize n'komwe. Anatola mwala n'kuponya, ndipo mwalawo unakalira panyanga kuti kho! Mbuzi inalumpha n'kuthawa chitumbuwa chili kukamwa.

Atazindikira dzanja limene laponya, Tiyanjane analibisa msanga kumsana.

"Iwe mtsikana, tabwera kuno!"

Amene anaitanawo anali amayi Peggy, mayi wamfupi wa mawu aakulu, amene anagwira ntchito yolondera nyama ku Luangwa mpaka kupuma. Iwo ndi amene ankaphunzitsa obwera kumene pakalabupo.

"Pepani amayi, sindinafune kuipweteka mbuzi yanu."

"Mbuzi ndi yakuba, isiye. Ndikufuna dzanja limene wabisalo. Unawomberapo mfuti?"

"Ndinayesa, koma ine ndine Chiphonya."

"Unayesa ndi dzanja liti?"

Tiyanjane anaonetsa lamanja. Amayi Peggy anaseka mpaka chipewa chinagwa. Kenako anamuuza kuti atambasule manja onse, apange kabowo pakati pa zala, ayang'anire nsonga ya mtengo pakabowopo, ndipo abweretse manjawo kumaso pang'onopang'ono. Manja anabwera okha padiso lamanzere.

"Waona manje? Munthu ali ndi diso limene limatsogolera linzake. Lako ndi lamanzere, dzanja lakonso ndi lamanzere. Iwe unkayang'ana ndi uku, n'kumawombera ndi uku. Ukanamenya chiyani?"

Tsiku lomwelo anamuveka zotseka m'makutu, namuphunzitsa malamulo asanakhudze chilichonse: mfuti iliyonse uziyiona ngati ili ndi chipolopolo, isaloze munthu, ndipo chala chisayandikire tiriga, kachitsulo kokoka powombera, mpaka utakonzeka. Atatero anamupatsa volovolo ya kalabu, mfuti ya m'manja ija yokhala ndi kamgolo kozungulira kosunga zipolopolo.

Tiyanjane anaikweza ndi dzanja lamanzere. Anakoka. Phaa!

Amayi Peggy anayang'ana pa chowonera patali, n'kukuwa: "Chalowa! Chalowa pakuda pa pepala!"

Abale anga, mukanamuona Tiyanjane! Anaika mfuti patebulo bwinobwino monga anamuuzira, kenako anayamba kudumpha, kulira ndi kuseka nthawi imodzi. Kabowo kamodzi kokha papepala, koma kwa iye kanali umboni woti sanabadwe chitsiru.

Musaganize kuti zinangoyenda kuyambira pamenepo. Dzanja limene lakhala kumsana kuyambira ubwana silidzuka tsiku limodzi. Linali lofooka, linkatopa msanga, ndipo masabata otsatira zipolopolo zinkamwazika ngati nthanga za wofesa. Amayi Peggy anamuuza kuti alipatse ntchito. Anayamba kukanda ufa wa vitumbuwa ndi lamanzere. Ankanyamula simbi ya makala, n'kuitambasula kutsogolo mpaka phewa litayaka moto. Anthu a pa lendi ankasuzumira pawindo n'kumanong'onezana kuti wayamba misala. Iye ankangowapatsa moni n'kupitiriza.

Mvula inabwera n'kupita. Mabowo a papepala anayamba kuyandikana, mpaka anafika pomaphimbika ndi chikhatho chimodzi. Pamenepo amayi Peggy anati:

"Mfuti ya kalabu imagwiridwa ndi aliyense, ndipo yatopa. Ngati ukufuna mpikisano, uyenera kukhala ndi yako."

Tiyanjane analowa chilimba, gulu losonkherana ndalama la amayi a pamsika. Anayenda maulendo ambiri kupolisi, anadindidwa zala, nadikira mpaka anaiwala kuti akudikira. Chilolezo chitatuluka anavina pakati pa msewu, oyendetsa njinga n'kumamuimbira mabelu.

Ndiye kunabwera alangizi! Amuna a pakalabu, aliyense ndi nzeru zake. Wina anati agule Maginamu, mfuti yolira ngati chiphaliwali, kuti anthu adziwe kuti wafika. Wina anati atenge kafupi kolowa m'chikwama, poti ndi mkazi. Winanso anati volovolo ndi ya makolo, agule pisitolo ya masiku ano. Amuna ena ndi otero, amayesa mfuti ndi phokoso ngati mmene amayesera wailesi.

Amayi Peggy sanatsutse aliyense. Anangokwera naye basi ya m'mamawa, n'kutsika Great East Road mpaka ku Lusaka, kusitolo yololedwa kugulitsa mfuti.

Mmenemo Tiyanjane maso anachita kuthwanima. Wogulitsa anamuyalira patebulo mfuti zosiyanasiyana, zonse zotsegula ndi zopanda zipolopolo. Dzanja lake linathamangira Maginamu yonyezimira ngati supuni yatsopano.

"Chikomekome cha nkhuyu," anatero amayi Peggy. "Inyamule, utambasule dzanja, tione."

Posakhalitsa nsonga ya mfutiyo inayamba kugwedera.

"Imeneyo ikalira imakankha ngati bulu. Udzayamba kutsinzina usanakoke, ndipo chizolowezi chimenecho sichichoka msanga. Pepala silifuna phokoso, mwana wanga, lifuna bowo."

Kafupi kaja amayi Peggy anakakana chifukwa paipi yake inali yaifupi kwambiri: kansonga koyang'anira ka kutsogolo kakayandikana ndi kampata ka kumbuyo, kulakwitsa pang'ono kumasanduka kuphonya kwakukulu. Pisitolo anaikana yekha Tiyanjane. Anali ataiyesapo kukalabu, ndipo inkalavula makoko otentha a zipolopolo modutsa pamaso pake, limodzi linamugwera m'bulauzi.

Kumapeto kwa tebulo kunali volovolo yakuda, yogwirapo kale ntchito, ya tizipolopolo ting'onoting'ono timene owombera amatitcha thuthu. Paipi yake inali yaitali bwino, timaso take toyang'anira tinkasunthika ndi sikuludiraiva. Tiyanjane anainyamula. Sinagwedere. Wogulitsa anaikamo zipolopolo zabodza zoyesera, namulola kukoka tiriga atalozetsa kukhoma. Inayenda mofewa, yosakodola paliponse.

"Amayi Peggy," ananong'ona, "ndi iyi. Ndi iyi!"

Koma walira mvula walira matope. Mwini wake woyamba anaiika chigwiriro chamtengo chosemedwa motsata dzanja lamanja. Chinali ndi kashelefu kogonekapo chala chachikulu, ndipo kwa wamanzere kashelefuko kankabaya pakati penipeni pa chikhatho. Wogulitsa anati chigwiriro cha amanzere n'chochita kuitanitsa kunja, ndipo sanganene kuti chingafike liti.

"Bwanji osangowombera ndi lamanja, sisita?" anafunsa mwaulemu. "Anthu ambiri amatero."

Tiyanjane anamva ngati luzi lija lamukhudzanso pamkono. Mpikisano waukulu wa pakalabu, umene kumabwera anthu a ku Lusaka ndi ku Kitwe, unali pafupi. Akanatha kutenga mfuti ina yosamukwana, kapena kubweza dzanja lake kumsana.

"Awe," anayankha. "Ndamangidwa kokwanira. Ndiitenga yomweyi."

M'basi pobwerera, bokosi lokhoma lili pamiyendo, amayi Peggy anati, "Khasu likakana dzanja sataya khasu, amasema mpini wina. Ukudziwa mmisiri wa mitengo?"

Tiyanjane anayang'ana pawindo. Ankamudziwa mmodzi yekha.

Mfutiyo anaitsekera m'kabati yachitsulo ya kalabu. Anamasula timatabwa ta chigwiriro tokha, n'kupita nato kumudzi. Anawapeza a Mateyu akupala thabwa la benchi ya m'tchalitchi. Anagwada, napereka timatabwato ndi dzanja lamanja, lamanzere litagwira pamkono monga mwa ulemu.

"Atate, ndimafuna mundisemere tina ngati iti, koma totembenuza."

"N'ta chiyani?"

"N'ta mfuti ya masewera. Ndimawombera mapepala. Ndili ndi chilolezo."

"Totembenuza bwanji?"

"Ta dzanja lamanzere."

A Mateyu anaika pansi chopalira.

"Mwana wamkazi, mfuti, ndiponso dzanja lamanzere? Zonsezi pakhomo pa katekisiti? Ine ndinavutika kukuwongola kuti anthu asakuseke."

"Anandiseka ndithu, atate. Chiphonya anatchulidwa ndani?"

A Mateyu anatenganso chopalira chawo. Tiyanjane anatola timatabwa take, koma pochoka anati, "Loweruka lililonse ndimakhala kukalabu ya pafamu kunja kwa tauni. Mudzabwere mudzaone chabe. Mukadzati n'zamanyazi, ndidzamva."

Anapitiriza kuwombera ndi chigwiriro chobayacho. Pachikhatho panatuluka thuza, linaphulika, linatulukanso. Ankakulunga kansalu n'kupitiriza. Loweruka loyamba anayang'ana kugeti, kunalibe munthu. Lachiwiri chimodzimodzi.

Loweruka lina, ali pamzere wowombera, anamva amayi Peggy akukangana ndi munthu kumbuyo.

"Abambo, kuno aliyense amavala zimenezi, ngakhale bishopu."

Anali a Mateyu, atavala jekete lawo la pa Sande, thalauza atalimanga ndi mphira chifukwa cha njinga, zotseka m'makutu zitakhala mopendekeka pamutu. Ananena kuti anabwera kudzamutenga mwana wawo kuti asiye zachibwana.

Tiyanjane anapuma mpweya, nakweza dzanja lamanzere. Anawombera mpaka kamgolo kanatha. Mfuti zonse zitaikidwa pansi, amayi Peggy anakatenga pepala n'kuwapatsa bamboyo. Mabowo onse anali pakuda, ataunjikana malo amodzi.

A Mateyu analiyang'ana pepalalo kutsogolo, nalitembenuza kumbuyo. Kalipentala amadziwa tanthauzo la kumenya pamodzimodzi. Kenako anaona kansalu kofiira m'dzanja la mwana wawo.

"Bweretsa dzanjalo."

Tiyanjane, mwachizolowezi, anatambasula lamanja.

"Osati ilo."

Anamasula kansaluko, naona bala. Analigwira dzanjalo ndi manja awo awiri, dzanja lomwe analimanga kambirimbiri koma anali asanaliyang'anepo bwino. Sanapepese ndi mawu, poti amuna a msinkhu wawo mawu otere amawatsamwa. Anangopita pachulu, nakumba dothi, nalinyowetsa ndi madzi a m'botolo, n'kuliumba mozungulira kamtengo.

"Finya," anatero. "Finya mmene umagwirira mfuti yakoyo."

Dothi linatenga chala chilichonse, mpaka mizere ya m'chikhatho. Analikulunga m'tsamba la nthochi, natenga timatabwa takale tija kuti akaonere muyeso wa mkati, n'kukwera njinga yawo.

Kunyumba anali ndi chidutswa cha mlombwa chimene ankasungira mtanda wa paguwa. Anachidula. Benchi ya tchalitchi inadikira. Ankasema, n'kuyerekeza ndi dothi lija, n'kusemanso, mpaka mtengo unafanana ndi dothi. Atabwera nacho n'kuchimanga pamfuti, Tiyanjane anachigwira n'kukuwa:

"Atate! Ngati ndagwira dzanja la munthu!"

Tsiku la mpikisano pafamupo panadzaza magalimoto. Alendo anatsika ndi mabokosi okongola, magalasi apadera ndi zipewa zolembalemba. Amayi a chilimba anabwera pa galimoto ya kanta, atavala zitenje zofanana, ngakhale ambiri a iwo sankadziwa kuti wopambana amadziwika bwanji. Tiyanjane anali m'gulu la opikisana koyamba, owombera ndi dzanja limodzi.

Chipolopolo chake choyamba chinakagwera m'mphepete mwa pepala. M'mutu mwake anamva kuseka kwa tsiku lija, ndi dzina lija, Chiphonya. Dzanja linafuna kuthawira kumsana.

Anatsitsa mfuti, ikulozabe kutsogolo. Chala chake chachikulu chinapeza kadzenje kake pamlombwa, pamene bambo ake anakasema. Anapuma. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anakwezanso.

Phaa! Pakati. Phaa! Pakati. Kuchokera pamenepo sanamvenso china chilichonse, anangoona kansonga kakuda kataima bwinobwino pakampata kake. Pomaliza, oweruza anaunjikana papepala lake, wina akuyeza, wina akupukusa mutu. Ngakhale ndi chipolopolo chosokera chija, palibe wa m'gulu lake amene anamufika.

Dzina lake litatchulidwa, nthungululu za amayi a pamsika zinamveka mpaka kumsewu. Amayi Peggy anaponya chipewa m'mwamba osachipezanso. Mwina inachidya mbuzi ija.

Tiyanjane anapita kutsogolo kukalandira chikho. Anapinda mawondo pang'ono, natambasula dzanja lamanja, lamanzere litagwira pamkono, monga anaphunzitsidwira kuyambira ali mwana. Pamenepo mawu amene anazolowera kutsogolera mapemphero popanda chokuzira mawu anamveka kumbuyo kwa gulu:

"Tiya! Landira ndi limene lagwira ntchito!"

Anthu onse anacheuka. A Mateyu anali ataimirira pabenchi, misozi ili mbwembwembwe, osaipukuta.

Tiyanjane anasinthanitsa manja. Lamanzere linapita kutsogolo, lamanja linagwira pamkono. Ulemu sunachepe ngakhale pang'ono. Analandira chikho chake.

Lero akadakazingabe vitumbuwa, koma Loweruka beseni amasiyira wina, iye ali pamzere kuthandiza amayi Peggy. Aliyense wobwera kumene, asanafunse kuti agule mfuti yanji, amayamba wamupangitsa kabowo ka zala kaja. Ndipo ku tchalitchi cha kumudzi kuja, ana amene amalemba katekisimu ndi dzanja lamanzere palibenso amene amawamenya pa zala.

Tsono inu amene mwakhala mukutchedwa mayina, amene mwayesa ichi chakanika, mwayesa icho chakanika, mpaka mwayamba kuvomera kuti ndinu Chiphonya: musafulumire kudziweruza. Mwina si inu olephera. Mwina mwakhala mukumenya nkhondo ndi dzanja limene anakusankhirani ena, lanu lenileni lili kumsana. Lifufuzeni. Lidzakhala lofooka poyamba, lidzatuluka matuza, anthu adzasuzumira pawindo. Lipatseni ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo musankhe chida chokwana inuyo, osati chokondweretsa oonerera. Ngakhale amene anakumangani angathe kudzakusemerani mpini.

Osataya mtima. Masulani luzi, mutambasule dzanja lanu.